Mwana Amene Ndinamuika Pachionetsero

Mng'ono wanga anandiimbira foni Lachitatu lina masana, ndili pa desiki kuntchito ku Upper Hill mu Nairobi. Sanayambe ndi moni. Anangoti, "Achemwali, bwerani mudzamutenge mwanayu. Ine ndalephera."

Mwana wakeyo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, anabadwa ndi khungu lachialubino. Bambo ake anachoka iye asanayambe n'kukwawa komwe, amvekere kumtundu kwawo kulibe zoterozo. Mng'ono wanga anamulera yekha kumudzi, akugulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Koma masiku amenewo kunafika amuna awiri achilendo pa njinga yamoto, n'kumafunsa ana pamjigo kuti mtsikana woyera uja amadzera njira iti popita kusukulu. Patapita masiku atatu anabweranso. Kwathu palibe amene sankadziwa tanthauzo la mafunso otero.

Ine ndinalibe mwana, ndinalibenso banja. Ndinali nditakhala mu Nairobi zaka zinayi, ndikugwira ntchito yolemba makalata ndi kukonza misonkhano m'bungwe lina la mpingo. Ndinapempha tchuthi, ndinapita kumudzi, tinathamangathamanga ndi mapepala, ndipo patatha miyezi iwiri ndinatsika naye ndege ku Embakasi. Tinapangana ndi mayi ake kuti za amuna aja tisamuuze. Tinangomuuza kuti akupita kukaphunzira sukulu yabwino kwa amayi ake aakulu.

Fulati yanga ya ku Pangani inali pansanjika yachitatu, zipinda ziwiri ndi kakhonde koyang'ana kumsewu kumene maminibasi, amene kuno amati matatu, amalizira mahutala tsiku lonse. Mwanayo anazolowera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Chiswahili anachigwira m'miyezi yochepa, mpaka ankandiseka ine ndikamatafuna lilime pofunsa mtengo wa anyezi. Ana apamsewu akamukuwiza kuti mzungu, iye ankawayankha m'chinenero chawo chomwecho, iwo n'kutsala kukamwa yasa. M'mawa uliwonse ndinkamudzoza mafuta oteteza khungu ku dzuwa, m'khosi, m'makutu, pamikono, kenako chipewa chotambalala ndi magalasi. Maso ake sankaona patali. Powerenga ankaika buku pamphuno penipeni, mutu ukuyenda kutsatira mzere. Poyamba ankanditchula kuti amayi aakulu, koma pofika pa Khirisimasi yoyamba anali atasiya kale, akungoti amayi.

Tchuthi cha Epulo chitafika ndinasowa womusiyira, ndiye ndinkapita naye kuntchito. Ankakonda chikepe, ankapempha kuti azidina yekha batani. Tsiku lina atakhala pakona akujambula nyumba papepala, anadutsa bwana wathu woona zofalitsa nkhani, mayi wachifundo ndithu, amene sindingamunenere zoipa. Anaima, anacheza naye, kenako pa nthawi ya tiyi anandifunsa mmene mwanayo anabwerera kuno. Ndinamufotokozera zonse, za njinga yamoto, za mjigo, zonse.

Mawa lake anandiitana mu ofesi yake. Anati bungwe likukonza kampeni yodzudzula nkhanza zimene anthu achialubino amakumana nazo m'maiko akuno, ndipo nkhope ya mwana weniweni imafika pamtima kuposa ndime khumi za mawu. Anafunsa ngati ndingalole kuti amujambule. Ndinavomera pomwepo, n'kusaina fomu monga womulera. Ndimadziuza mpaka lero kuti ndinkafuna kuthandiza ana ena, ndipo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti kontirakiti yanga inali pafupi kutha, ndipo ndinkafuna kuti akuluakulu andione kuti ndine munthu wothandiza.

Wojambula anabwera ku ofesi Lachisanu. Anamuimika pafupi ndi windo lalikulu, namuuza kuti avule chipewa ndi magalasi. Mwanayo anamwetulira monga amachitira ana onse pamaso pa kamera.

"Ayi, usaseke," anatero wojambulayo. "Yang'ana pansi pang'ono. Eya, choncho."

Kuwala kwa pawindo kunamulowa m'maso, misozi inalengeza. Wojambulayo anakondwa nazo kwambiri. Tili mu matatu pobwerera, mwanayo anandifunsa kuti zithunzi zija n'zachiyani.

"N'zachikumbutso chabe," ndinatero. Ndinamugulira ayisikirimu potsika, nkhani n'kuthera pomwepo.

Buku lija linabwera m'nyumba mwathu mu teremu yomaliza ya chaka chimenecho. Mphunzitsi wawo anauza ana kuti aliyense asankhe mu kabati ya m'kalasi buku la mbiri ya munthu wotchuka, aliwerenge, ndipo tsiku lina adzabwere atavala ngati munthuyo n'kufotokozera anzake. Anzake anakanganirana mabuku a atsogoleri a maiko, akatswiri othamanga ndi madokotala. Iye anatenga kabuku kopyapyala ka zilembo zikuluzikulu, pachikuto pali njovu yofunda nsalu yofiira, pambali pake mwamuna wonenepa wovala chipewa chachitali chakuda.

"Ndasankha ili chifukwa zilembo zake sizipweteka maso," anatero. "Komanso njovuyi."

Linali buku lolembera ana, lofotokoza za mkulu wina wa ku Amereka wa kalekale, mwini wa chionetsero choyendayenda chimene amachitcha sekasi. Tinkaliwerenga pakhonde cha m'ma faifi koloko, dzuwa likabisika kuseri kwa nyumba yoyandikana nayo. Iye ankawerenga mokweza m'Chingerezi, kenako n'kundifotokozera m'Chichewa ngati kuti ine sindinamve, akuthira mchere wakewake. Mkuluyo anabadwira m'banja losauka, bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, anagulitsapo m'sitolo, ndipo anali ndi pakamwa potha kugulitsa ngakhale mwala. Anasonkhanitsa zinthu zodabwitsa m'nyumba imodzi kuti anthu azibwera kudzaona. Nyumbayo inapsa, iye anamanganso. Kenako anakhala ndi chitenti chachikulu chonga phiri, choyenda pa sitima kuchoka tauni ino kupita ina, muli njovu, akavalo, anthu oyenda pa chingwe m'mwamba ndi anthabwala odzola nkhope.

Mwanayo anatengeka nazo mtima wonse. Ankayenda pamzere wa matailosi kuchoka kukhitchini kufika pakhomo atanyamula mtengo wa mopu mopingasa, akuti ali pa chingwe, ine ndisapume mwamphamvu angagwe. Ankakwera pampando n'kumafuula kuti, "Bwerani, bwerani mudzaone zimene simunaonepo chibadwire!" mpaka mayi wa fulati yapansi anagogoda denga lake ndi tsache. Loweruka tinapita ku kaunjika, amene kuno amati mitumba, tinafufuza m'milu mpaka tinapeza jekete lofiira la mzimayi. Ndinalichepetsa, n'kusokerera mabatani onyezimira. Chipewa tinachipanga ndi katoni, tinachidetsa ndi polishi wa nsapato. Nyumba yonse inanunkha polishi masiku atatu. Sindikumbuka nthawi ina imene tinaseka pamodzi kuposa masabata amenewo.

Madzulo ena akuwerenga anangoti zii. Ndinali ndikusankha nyemba, ndinadzutsa mutu. Buku linali pamphuno, koma mutu sunkayenda.

"Amayi, tabwerani muone."

Patsambalo panali chithunzi chojambula pamanja. Anthu anaima pansanja mondondozana: mwamuna wamfupi kwambiri, mzimayi wandevu, chimunthu chachitali, ndipo kumapeto bambo, mayi ndi kamwana, onse atatu oyera mbee, tsitsi lawo loyera lofutukuka. Pansi pa nsanjayo panali khamu la anthu ovala bwino, ena akuloza ndi zala. Bukulo linangodutsapo mwachidule. Linati mkuluyo ankapatsa ntchito anthu obadwa mosiyana ndi ena, anthu ankagula matikiti kuti adzawaone, ndipo ena mwa iwo anatchuka.

"Awa ali ngati ine?"

"Eee, ali ngati iwe."

"Ankatani pamenepa? Ankavina? Ankayenda pa chingwe?"

Ndinawerenga tsambalo kawiri. Silinanene. "Zikuoneka kuti ankangoima," ndinatero.

"Kungoima basi, anthu n'kumawayang'ana?" Anaika chala pa kamwana kaja. "Nanga aka kanavomera?"

"Mwina makolo ake ndi amene anavomera."

"Iko anakafunsa?"

Windo lija la ku Upper Hill linandibwerera m'maganizo nthawi yomweyo. Imeneyo inali nthawi yoti ndimuuze. Koma ndinati, "Ndi zakalekale zimenezo, zakutali. Masiku ano kulibe." Ndinanyamula nyemba zanga n'kulowa kukhitchini.

Ife Amalawi a mpingo wathu timakumana Lamulungu loyamba la mwezi, Misa ikatha, mu holo ya parishi ina. Timamwa tiyi ndi mandasi, timaimba nyimbo zakwathu, timafunsana kuti akupita kumudzi ndani kuti atinyamulire katundu. Lamulungu lotsatira tinafika mochedwa pang'ono. Tikulowa ndinaona anthu ataunjikana pa bolodi la zidziwitso pafupi ndi khomo. Mtsikana wina wophunzira ku yunivesite atationa anafuula mwachimwemwe, "Si uyu wafika! Mwiniwake ndi ameneyu!" Ena anaomba m'manja.

Pabolodipo panali chithunzi chachikulu, nkhope ya mwana wanga yokula kuposa nkhope yeniyeni, wopanda chipewa, wopanda magalasi, maso ali ndi misozi. Pansi pake panali mawu a Chingerezi. Ine ndinali ndisanachione. Ndinkadziwa kuti zasindikizidwa, koma ndinkaganiza kuti zikupita kumaofesi ndi kumisonkhano ya akuluakulu, osati pakhomo pamene timamwera tiyi.

Mayi wina anatulutsa foni. "Taima pambali pakepo, mwanawe, ndikujambule."

Mwanayo sankaona bwino chimene anthu ankakondwera nacho. Anayenda pang'onopang'ono, anthu akumupatukira, mpaka mphuno yake inatsala pang'ono kukhudza pepalalo. Anayang'ana nkhope yake. Kenako anawerama n'kuyamba kuwerenga mawu aja, mutu ukuyenda mzere ndi mzere. Mawuwo ankati mtsikana uyu anathawa m'mudzi mwake chifukwa amuna ena ankamusaka kuti amuphe, akagulitse ziwalo zake kwa asing'anga. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kubwereranso poyamba. Mayi wafoni uja anaibweza m'chikwama.

Anatembenuka n'kundifunafuna ndi maso mpaka anandipeza.

"Amayi, amuna ake ati?"

Ndinamugwira dzanja, tinatuluka. Mu matatu anakhala kuwindo atatsitsa chipewa mpaka pamphuno. Titafika kunyumba anakhala pampando wa pabalaza osavula nsapato, ine ndinakhala pansi patsogolo pake n'kumuuza zonse, kuyambira foni ya mayi ake. Anamvetsera osandidula.

"Munati ndabwerera sukulu," anatero nditamaliza.

"Tinkaopa kuti uchita mantha."

"Munatinso zithunzi zija n'zachikumbutso."

"Ndinanama, mwanangu. Ndinkafuna kuti zithandize ana ena onga iwe."

"Amayi anga akudziwa za chithunzichi?"

"Ayi."

"Ndiye anthu onse aja, ndi ena amene sindikuwadziwa, akudziwa kuti thupi langa limagulitsidwa? Akudziwanso nkhope yanga?"

Ndinati kuno n'kutali, palibe amene angamukhudze. Iye anapotokola chingwe cha chipewa chake. Kenako ananena mawu amene amandipweteka mpaka lero, ndipo anawanena mofatsa, mopanda mkwiyo.

"Mukanandifunsa, mwina ndikanavomera."

Lolemba ndinapita kwa bwana uja ndisanaike n'chikwama pansi. Anamva chisoni ndithu, anagwira pakamwa. Tsiku lomwelo anachotsa chithunzicho pa intaneti, anaimbiranso foni ku parishi ija kuti achimatule. Koma anati zosindikizidwa zinatumizidwa kale m'maparishi ndi m'maofesi a m'maiko angapo, ndipo palibe amene akudziwa kuti chilichonse chapachikidwa pati. Sananene kuti ndinasaina ndekha. Sanafunike kunena.

Kunyumba zinthu zinasintha. Mwana amene ankatsika yekha kukagula mkaka ku kasitolo ka pageti anasiya. Tikamayenda, njinga yamoto yonyamula amuna awiri ikadutsa pafupi, ankaima n'kugwira chilichonse chimene chili pafupi, mpanda kaya mtengo wa magetsi, koma osati dzanja langa. Mu Nairobi njinga zotero zili paliponse, ndiye ulendo wa kusukulu unasanduka wautali. Anayambiranso kunditchula kuti amayi aakulu. Ankandipatsa moni wa m'mawa mwaulemu wonse, ankatsuka mbale osatumidwa, ankayankha zimene ndafunsa basi. Mwano ndikanaupirira. Ulemu umenewo ndi umene unandilemera.

Tsiku lofotokoza mabuku linali Lachisanu, ndipo makolo anaitanidwa. Ndinali nditapempha kale kuti ndidzachoke kuntchito m'mawa. Iye atavala jekete lofiira lija pamwamba pa yunifolomu, anaika chipewa cha katoni mu jumbo, n'kunena akuyang'ana pansi kuti, "Musabwere."

Sindinapite. Mphunzitsi wake anandiimbira nthawi ya nkhomaliro. Anati mwanayo anayamba bwino kwambiri, anafotokoza za sitolo, za moto, za njovu, anzake akuseka pamene pankafunika kuseka. Kenako anatsegula tsamba la anthu oima pansanja lija, n'kulitembenuzira kwa kalasi ndi makolo. Anaima choncho osalankhula. Mwana wina anaseka, mayi ake anamutsina. Patapita kanthawi anafunsa mphunzitsiyo kuti n'chifukwa chiyani bukulo latchula dzina la njovu koma silinatchule dzina la kamwana kaja. Mphunzitsiyo anati sakudziwa. Mwanayo anavula chipewa, anapempha kuti akakhale pansi, ndipo sanamalize.

"Kodi kunyumba kuli bwino?" anafunsa mphunzitsiyo.

Ndinati kuli bwino. Madzulo anabwera ndi yunifolomu yokha. Jekete ndi chipewa anazisiya kusukulu, ndipo sindinafunse.

Patatha sabata anandipempha kuti alankhule ndi mayi ake. Ndinadziwa kuti ndiyenera kuyamba ndine. Ndinaimba, ndinafotokoza, ndinapepesa. Mng'ono wanga, amene chibadwire sanandikwezerepo mawu, anangopuma mwamphamvu m'foni.

"Achemwali, ine ndinakupatsani mwana kuti mumubise. Inu mwakamupachika pakhoma?"

Ndinapereka foni kwa mwanayo, iye analowa nayo kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndinamva akulira, koyamba chichitikire zonsezi. Ndinaima panja pa chitsekocho ngati mlendo.

Nthawi imeneyo mng'ono wanga anali atasamuka kumudzi, akukhala m'tauni kwa msuweni wathu. Pafupi panali sukulu ya asisitere yogonera komweko, yokhala ndi mpanda ndi mlonda. Anakalankhula nawo, iwo anavomera kumulandira mwanayo. Ine ndinayesa kunena kuti kuno madokotala a maso ndi a khungu ali pafupi, kuti mwanayo wazolowera, kuti atsala pang'ono kulowa kalasi ya mayeso. Mng'ono wanga anati, "Mufunseni mwiniwake." Ndinamufunsa. Anati akufuna kupita kwa amayi ake.

Ananyamuka sukulu itangotsekera mu Novembala. Mayi wina wa mu mpingo wathu amene ankapita kumudzi anavomera kumuperekeza. Tinafika ku bwalo la ndege m'mawa, kukuwaza kamvula. Ndinali nditadzaza theka la sutikesi yake ndi mabotolo a mafuta a khungu, ndipo njira yonse ndinkangobwereza malangizo, kuti azidzola katatu patsiku, asaiwale kuseri kwa makutu, chilonda chikatuluka asachedwe kuuza asisitere. Iye ankangoti, "Chabwino." Pakhomo pamene operekeza amabwerera, ndinatambasula manja kuti ndimukumbatire. Iye anapinda bondo, anandipatsa dzanja, lina litagwira pachigongono.

"Zikomo pondisunga, amayi aakulu. Tsalani bwino."

Analowa. Mayi uja anamugwira paphewa kumulondolera pamzere, chifukwa zikwangwani za m'mwamba sankatha kuziwerenga.

Pano ali Folomu 3. Amakhoza bwino, makamaka Chingerezi. Ndimamutumizira mafuta ndi magalasi kudzera mwa anthu opita kumudzi, ndipo akalandira amaimba foni kuthokoza. Timalankhula mphindi ziwiri kapena zitatu, za mayeso, za mvula. Ndinapepesanso kawiri, ulendo wina pamasom'pamaso ndili kwathu patchuthi. Anati, "Zinatha zimenezo," n'kudzuka kukathandiza mayi ake kukhitchini. Ine ndi mng'ono wanga tinayanjana, ngakhale kuti nkhaniyi sitiikhudza.

Kontirakiti yanga anaiwonjezera, ndipo ndikadali pa desiki lomwe lija. Chaka chatha anandituma kukakonza msonkhano ku parishi ina yakutali kunja kwa mzinda. Ndikuyala mapepala pa tebulo mu holo, ndinadzutsa maso n'kumuona pakhoma, pakati pa kalendala yakale ndi ndandanda wa oyeretsa tchalitchi. Dzuwa linali litafwifwitsa pepala la chithunzicho, ngodya imodzi itang'ambika. Ndinapempha katekisiti wa pamenepo kuti andilole ndichimatule.

"Bwanji?" anafunsa. "N'chithunzi chokhudza mtima kwambiri. Timamupempherera mwanayu, sitidziwa ngati ali moyo."

"Ali moyo," ndinatero. "Ndi mwana wanga."

Bamboyo anakondwa, anandigwira chanza ndi manja awiri, anati ndiyenera kukhala wonyadira. Kenako anakwera pabenchi n'kuzula yekha timisomali tinayi, mosamala kuti pepala lisang'ambikenso. Ndinalipinda ngati mkeka, ndinayenda nalo pamiyendo ulendo wonse wobwerera ku Pangani. Kuling'amba ndinalephera, kuliotcha ndinalepheranso, popeza ndi nkhope yake. Ndinalilowetsa kuseri kwa wadiropu, ndipo iye sindinamuuze kuti ndinapeza china.